NJINGA YA ATATE

Mau amene analankhulidwa kwa aphunzitsi a masukulu a m'midzi atasonkhana pa Mwami



Nkhani ya lero ndi ya cithunzi ca kanema cimene cinatuluka m'caka ca 2019, dzina lace m'Cingerezi The Boy Who Harnessed the Wind, ndiko kunena kuti mnyamata amene anaigwiritsa nchito mphepo. Ambiri anamva mbiri yace, ndipo ena anaciona kale. Si nkhani ya kutali ai. Munthu wocoka pano pa Mwami m'mawa, akadutsa pa cipata ca malire nalowa ku Mchinji, nakhotera pa mseu wa ku Kasungu, adzafika ku Wimbe dzuwa lisanalowe; ndipo kumeneko ndiko kunacitika zimene cithunzico cifotokoza. Anthu a m'menemo alankhula cinenero ca kuno, alima cimanga ndi fodya monga alimi a kuno, ndipo njala imene inawagwera mu 2001 ndi 2002 sinafunse ciphaso pa malire: inafikanso m'midzi yozungulira Chipata.

Akulu amene anaona masiku a Federation akumbukira galimoto ya baisikopo imene inkayendera maboma ndi midzi, nsalu yoyera nipacikidwa pa mitengo iwiri, anthu nakhala pansi kufikira usiku. Zambiri za zithunzi zija zinali za bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948, ndipo kawiri-kawiri kapangidwe kace kanali kamodzi: pamakhala anthu awiri, wina wanzeru amene amvera mlangizi nakolola zocuruka, wina wopusa amene akana malangizo nagwa m'mabvuto; oonerera naseka wopusayo, nabwerera kwao. Pali ngozi yakuti mphunzitsi aone cithunzi catsopanoci ndi maso omwe aja, nayesa kuti wanzeru ndiye mwana wa sukulu, wopusa ndiye atate ace ogwira khasu. Amene aciona cotero wataya theka la nkhani, ndipo ndilo theka lolemera koposa.

Za mnyamatayo nzodziwika, ndipo zingathe kunenedwa mwacidule. William Kamkwamba anabadwa mu 1987. Ali ndi zaka 14 anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo cifukwa makolo ace analephera kulipira ndalama za sukulu, zokwana ngati madola 80 a ku America pa caka, pakuti inali nthawi ya njala. M'kanyumba ka mabuku anapeza buku la Cingerezi lochedwa Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina a mphepo pa cikuto pace. Ndipo ngakhale mau ambiri sanawamve, anatsata zojambula, natola zitsulo zotayidwa, mapaipi, dayinamo ndi njinga ya atate ace, namanga nsanja ya mitengo ya bulugamu, napanga magetsi. Mu 2007 anaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha. Mu 2009 iye ndi Bryan Mealer anatulutsa buku la moyo wace. Mu 2014 anatsiriza maphunziro pa Dartmouth College ku America. Izi ndizo zimene manyuzipepala akonda, ndipo nzoyenera kuyamikiridwa. Koma munthu akakhala pansi naonerera mphindi 113 za cithunzico, nkhope imene imtsata pobwerera ku nyumba si ya mnyamatayo. Ndi ya atate ace, Bambo Trywell Kamkwamba.

Cithunzico ciyamba m'munda, ndipo ciyamba ndi imfa. A Trywell ali kugwira nchito pamodzi ndi mkulu wao, a John; mwadzidzidzi a John agwa pakati pa cimanga, osadzukanso. Woonerera asanadziwe bwino maina a anthu, ali kale pa maliro. Kuyambira pamenepo a Trywell angotaya, angotaya. Munda umene anaukhetsera thukuta pamodzi ndi mbale wao upita kwa Jeremiah, mwana wa malemuyo, mnyamata wosasamala. Nkhalamba ya Cicewa ikaona pamenepa idzapukusa mutu, pakuti mwa mwambo wakale cuma ca munthu cinkatsata mbumba, kwa mbale kapena kwa mwana wa mlongo, si kwa mwana wobala ai. Koma Mngoni wa kwa Mpezeni sadzaonapo cacilendo. Dziko lino liri ndi miyambo iwiriyi pa mseu umodzi, ndipo mphunzitsi ali yense adziwa mirandu imene ibuka maliro atatha cifukwa ca ico. Tsono Jeremiah abvomera kugulitsa mitengo kwa eni munda waukulu wa fodya, ngakhale acenjezedwa kuti mitengoyo ndiyo iletsa madzi osefukira. Mvula ibwera yoononga, kenaka ileka konse. Mfumu ya mudzi iimirira pa msonkhano wa Pulezidenti kukanena za njala, ndipo aimenya kolapitsa. A Trywell apita ku msonkhano wodandaula za boma. M'mbuyo muno anthu anjala alowa pa khomo pao natenga cimanga cotsala. Banja liyamba kudya kamodzi pa tsiku. Potsiriza mwana wao wamkazi, Annie, amene anayembekeza kupita ku maphunziro apamwamba, athawa ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya William, kuti pa mbale pacepe dzanja limodzi.

Njala imeneyo inali yeni-yeni. Cimanga ca m'nkhokwe za boma la Malawi cinali citagulitsidwa njala isanafike, mtengo wace pa msika unakwera kangapo, anthu anagona pa mizere ya ADMARC, ndipo mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Anthu anadya gaga, masamba a maungu, ndi mizu ya nthoci. Aphunzitsi ena amene ali m'cipinda cino anali ana a sukulu m'zaka zimenezo, ndipo safunika kuuzidwa cimene njala icita ndi nkhope ya munthu wamkulu.

Cimene cithunzici cagwira bwino koposa, ndi cimene cibaya mtima wa woonerera, ndico cakuti cisoni ca mwamuna ciribe malo okhala. Pa maliro a kuno amai alowa m'nyumba ya siwa nalira mokweza, anzao nawagwira mapewa. Abambo akhala panja pa moto, akambirana za bokosi, za manda, za nkhuni ndi za ufa wodyetsa anthu. Mwana wamwamuna auzidwa ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Nanga misozi imene siituluka ipita kuti? Ya a Trywell inapita ku khasu. Aoneka ali kulima nthaka youma gwa, pfumbi lokha-lokha, m'nyengo yosati nkubzala kanthu, thupi litatha. Ndipo ali yense aona kuti nchitoyo njopanda phindu, iwo omwenso adziwa. Koma kuleka kulima kukadakhala kubvomera kuti palibenso cimene tate angacitire ana ace. Munthu ameneyu sali kulira mbale wace yekha. Ali kulira munda, ali kulira mwana wamkazi amene anacoka wosatsazika, ndipo koposa zonse ali kulira munthu uja amene iye anafuna kukhala: tate amene anaima pa khomo monyadira tsiku lija mwana wace anabvala yunifomu kwa nthawi yoyamba, amene analonjezana ndi mkazi wace kuti ana ao adzaphunzira. Maliro a mtundu umenewo alibe adzukulu okumba manda, alibe nyimbo, ndipo palibe amene abwera kudzapepesa.

Pa nthawi imeneyo ndipo William afika ndi kamakina kace kakang'ono koyesera, kamene kaliza wailesi ndi mphepo, napempha cinthu cimodzi: njinga ya atate ace, kuti aidule, apange makina akulu opopa madzi a m'citsime. A Trywell apsa mtima, agwetsa kamakinako, nauza mnyamatayo kuti aiwale za mabuku, agwire khasu. Apa ndipo ana a sukulu oonerera adzang'ung'udza, ndipo apa ndipo mphunzitsi ayenera kuima nawafunsa kuti njinga nciani m'nyumba ya mlimi. Anthu a Chipata safunika womasulira. Mzinda uno unali ndi fakitale yace-yace ya njinga, ya Luangwa Industries, kumene kunkatuluka njinga za Eagle, ndipo kufikira lero mseu uli wonse wolowa m'tauni udzaza m'mamawa ndi njinga zosenza makala, nkhuni, tomato, mbuzi ndi anthu. Njinga ndiyo ipita ndi thumba ku cigayo. Njinga ndiyo inyamula mai wodwala pakati pa usiku kudza naye ku cipatala ca Mwami, cimene cakhala cikulandira odwala a m'midzi ino kuyambira 1927. Njinga ndiyo ipita kukanena za maliro ku mudzi wina. M'caka ca njala, mbuzi zitagulitsidwa, nkhokwe iri pululu, njinga ndiyo cuma cotsiriza, ndipo ndiyo miyendo ya banja lonse ngati kwamveka kuti kwina kuli ganyu kapena cinangwa. Tsono mnyamata wa zaka 14, amene sanatsirize ngakhale caka cimodzi ca sekondale, ati aiceke ndi sowo cifukwa ca cithunzi cimene anaona m'buku la cinenero cimene sacimva bwino. Kunena zoona, mwa anyamata khumi opempha cotero, asanu ndi anai akadangoononga njingayo. Kukana kwa a Trywell sikunali kupusa; kunali kuwerengera kwa munthu amene ali ndi pakamwa pambiri poyang'ana kwa iye. Mphunzitsi amene ali ndi njinga yace imodzi adzifunse yekha m'mtima ngati akadaipereka.

Cimene citembenuza mtima wao si umboni wa sayansi. Galu wa William, Khamba, afa ndi njala. Mai Agnes, amene m'cithunzi conse ndiwo mzati weni-weni wa nyumbayo, alankhula ndi amuna ao mau owawa, a munthu amene watsata mnzace kuli konse nataya zambiri pa njira. Pamenepo a Trywell apita kwa mwana wao, nacita cimene abambo ambiri afa asanacicite: aulula kuti adziyesa munthu wolephera, ndi kuti nkhani ya munda uja inawakhalira ngati ciweruzo. Ndipo apereka njinga. Sanaipereke cifukwa anamvetsa kayendedwe ka dayinamo; sanamvetse. Anaipereka cifukwa anasankha kukhulupirira mwana wao pa cinthu cimene iwo eni sakadatha kuciyesa. Madzi akayamba kutuluka m'paipi anthu a m'cithunzi akondwera, ndipo oonerera aomba m'manja. Koma pamwamba peni-peni pa nkhaniyi papita kale, pa mphindi ija tate anagwira njinga yace naisiya m'manja mwa mwana.

Pano payenera kunenedwa mau a cenjezo, pakuti mphunzitsi sayenera kuphunzitsa kanema ngati mbiri. Amene awerenga buku la William adzapeza kuti zina zinasinthidwa. Makina oyamba a mu 2002 anayatsa mababu ndi kuliza wailesi m'nyumba. Za kupopa madzi zinadza pambuyo, zaka zingapo zitapita, anthu a kunja atayamba kuthandiza. Njinga ya m'buku inali yoonongeka kale, yongotsamira, imene mwini wace anayembekeza kudzaikonza tsiku lina. Ndipo ngakhale anayamba wakana, mkangano sunali woopsa monga uoneka pa kanema. Kotero tate wa m'cithunzi si Bambo Kamkwamba okha. Mbali ina ndi munthu woumbidwa ndi amene anapanga cithunzico.

Munthu ameneyo ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London mu 1977 kwa makolo a ku Nigeria. Iye ndiye analemba sewerolo, ndiye analitsogolera, ndipo ndiye anadzisankhira kusewera mbali ya a Trywell. Anajambula cithunzico ku Malawi komweko, naphunzira Cicewa kuti alankhule m'menemo. Kachulidwe kace ka mau kadzaseketsa ana a pano, monga kanaseketsa ndi kukwiyitsa ena ku Malawi, pakuti osewera akulu angapo sanali eni cinenero: Maxwell Simba, amene ali William, ngwa ku Kenya, ndipo Aïssa Maïga, amene ali Mai Agnes, anabadwira ku Senegal nakulira ku France. Dandaulo limenelo nloona, ndipo sipafunika kulibisa. Koma pali cinthu cina ca munthuyu cimene cimveka m'cithunzi conse ngakhale sicichulidwa. Mu 1988, ali ndi zaka 11, anali m'galimoto pamodzi ndi atate ace ku Nigeria, ndipo galimotoyo inagundana ndi lole. Atate ace, amene anali dokotala, anafa. Mwanayo anapulumuka ndi zipsera zimene zioneka pa mphumi pace kufikira lero. Munthu akadziwa zimenezi, nkobvuta kuti aone a Trywell a m'kanema osaganiza kuti pano pali mwana amene sanafike pa msinkhu wokangana ndi atate ace, kapena woyanjana nao, ndipo atakula walowa m'thupi la tate wa munthu wina kuti aone kuti kumakhala kotani kumbali inayo. Ndico cifukwa cace, mwina, samseka tateyo ngakhale pa mphindi imodzi, ngakhale pamene ali wolakwa.

Si iye yekha amene wacita cotero. Mu 2025 kunatuluka cithunzi ca ku Nigeria cochedwa My Father's Shadow, ca Akinola Davies Jr., amene anacilemba pamodzi ndi mkulu wace, Wale Davies. Atate ao anamwalira Akinola ali khanda. Ndipo abale awiriwo anapeka tsiku limodzi la mu 1993, m'mzinda wa Lagos, limene anyamata awiri ayenda ndi atate ao kuyambira m'mawa kufikira usiku. Mwana amene alibe cokumbukira adzipangira cikumbutso, ndi zidutswa zimene atola kwa amai ace, kwa abale, ndi pa cithunzi cakale ca pa khoma.

Kutola zidutswa kotero si kwacilendo m'dziko la Mpezeni ndi la Gawa Undi. Nkhondo ya mu 1898 itatha, Nsingo ataphedwa, ng'ombe za Angoni zitalandidwa, malo abwino atagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland, msonkho wa nyumba unatulutsa amuna m'midzi. Anapita ku minda ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ena ku Joni, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Ambiri anabwera ndi sutikesi, jekete ndi njinga. Ena sanabwere konse, nachedwa macona. Agogo a ana a lero ambiri anakula akudziwa atate ao ndi kalata imodzi, kapena ndi bulangete limene linatumizidwa caka cina. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anadutsa m'midzi nasiya nyumba zambiri m'manja mwa agogo akazi. Lero lino abambo ena ali ku Lusaka, ena ku Solwezi, ena ku Johannesburg, namveka pa foni pa mapeto a mwezi ngati zinthu zayenda. Kotero m'kalasi iri yonse ya pano muli ana amene atate ao ali m'manda, ndi ena amene atate ao ali kutali. Koma mulinso ena, ndipo awa ndiwo aiwalika, amene atate ao ali pa khomo tsiku ndi tsiku, nacita manyazi kuyang'ana mwana wao m'maso cifukwa nkhokwe iribe kanthu. Cirala ca mu 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka cimeneco, cinapanga a Trywell ambiri m'midzi ino.

Nanga aphunzitsi aoneka bwanji m'cithunzici? Si bwino kweni-kweni. Mkulu wa sukulu aitana maina a osalipira nawatulutsa pamaso pa anzao. Atsata lamulo, ndipo palibe wina angamtsutse pa lamulo. Mphunzitsi wa sayansi, Bambo Kachigunda, ali ndi dayinamo pa njinga yace, ndipo ndiyo iutsa funso m'mutu wa William. Koma alola mnyamatayo kulowa m'nyumba ya mabuku cifukwa ca mantha kuti cibwenzi cace cobisika ndi Annie cingaululike, ndipo njala itakula acoka naye mtsikanayo. Za khalidwe limenelo sipafunika mau ambiri pakati pa anthu a nchito ino. Amene acita nchito ya mphunzitsi moona ndi mai wosunga mabuku, Mai Sikelo, amene alibe kalasi, alibe coko, koma atsegula citseko nasiya mwana akhale pansi awerenge.

Kuyambira mu January 2022 boma la Zambia linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira ku sekondale, kotero kuti mwana wa pano sathamangitsidwanso monga anathamangitsidwira William. Ico ncinthu cacikulu. Koma manyazi sanacoke pamodzi ndi malipiro. Atsala mu yunifomu yong'ambika, mu nsapato, m'kope limene latha masamba, ndi m'mimba yopanda kanthu pa ora lacitatu. Ndipo atsala m'mau ena amene amveka m'makalasi ambiri, olankhulidwa ndi aphunzitsi abwino, ofunira ana zabwino: "Ukapanda kulimbikira udzagwira khasu ngati atate ako." Mau amenewa aoneka ngati cilimbikitso, koma taonani cimene mwana anyamula popita ku nyumba. Wauzidwa, ndi munthu amene iye amlemekeza koposa onse, kuti atate ace ndiwo citsanzo ca kulephera. Madzulo awaona ali kubwera ku munda, miyendo yoyera ndi pfumbi, nawayang'ana ndi maso atsopano. Tate aona maso amenewo, pakuti palibe kholo limene siliwaona, ndipo aumitsa mtima pa sukulu ndi pa zonse zocokera kumeneko. Tsiku limene mwanayo adzafuna njinga, kaya ndi ndalama za mayeso a koleji, kaya ndi cilolezo cakuti mtsikana apitirire m'malo mokwatiwa, adzapeza khomo lotsekedwa, ndipo mphunzitsi adzati makolo a kuno sakonda maphunziro, osadziwa kuti loko wa pa khomolo anamgula ndi iye mwini.

Buku la William liphunzitsa cina pamenepa. Asanafike pa njala, mnyamatayo ayamba wafotokoza atate ace monga anawadziwira ali mwana: munthu wamphamvu amene mbiri ya nyonga zace inamveka ku Dowa, kumene anali wamalonda asanaitanidwe ndi mkulu wao kudzalima ku Kasungu, munthu wodziwa nthano, amene ana ankamzungulira madzulo. Mwanayo anasunga zonse ziwiri, tate wamphamvu ndi tate wogonja, ndipo cifukwa anasunga woyambayo anatha kukhululukira waciwiriyo. Cimene mwana adzakumbukira ca atate ace, iwo atapita, ciumbidwa tsopano lino, ndipo sukulu iri ndi dzanja m'dothi limenelo, ifune isafune.

Pali nchito yaing'ono imene ingayesedwe m'makalasi apamwamba. Cimangirizo ca mutu wakuti "Atate Wanga" ncakale ngati sukulu yomwe, ndipo caka ndi caka cikhala mpeni kwa mwana amene alibe colemba. Akhala cete, kapena apeka bodza, kapena alemba mizere iwiri nalandira ziro. Kuli bwino mutuwo ufutukuke, kuti mwana alembe za munthu amene anamlera, kaya ndi atate, kaya malume, kaya agogo. Ndipo amene atate ace anamwalira aloledwe, ngati afuna, kukafunsa kwa akulu kuti munthuyo anali wotani, ankaimba nyimbo yanji pa nchito, ankakwiya ndi ciani, anabzala mtengo uti. Ana ena angatumidwe kukafunsa za njala ya mu 2002: banja linadya ciani, linagulitsa ciani coyamba, ndipo nciani cimene linakana kugulitsa kufikira mapeto. Funso lotsirizali lidzabweretsa mayankho odabwitsa. Koma mphunzitsi ayende mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Zolemba zotero siziyenera kuwerengedwa mokweza popanda mwini wace kulola, ndipo inki yofiira icepe pa tsamba limene mwana walembapo za manda.

Kumene kuli magetsi kapena sola, ndi njira yopezera cithunzici, cimene ciri pa Netflix, nkoyenera kuti cionetsedwe pa sukulu. Mkulu wa sukulu ayambe waciona yekha, pakuti muli kumenyedwa kwa mfumu, kumene kungaopse ana ang'ono, ndipo muli Gule Wamkulu pa maliro. Za gule, amene bungwe la UNESCO linamlemba mu 2005 pakati pa cuma ca miyambo ya anthu, makolo a m'mipingo ali ndi maganizo ao, ndipo nkwabwino kuwauziratu kuti asadzidzimuke. Cithunzico sicilalikira za gule, cingoonetsa mudzi wa Acewa monga uli poika akufa ao. Nyengo yabwino ndi ya pambuyo pa kukolola, pamene anthu ali ndi mpata ndipo m'mimba muli kanthu, pakuti si caulemu kuonetsa njala kwa anthu amene ali nayo.

Ndipo makolo aitanidwe, makamaka abambo, amene kawiri-kawiri afika pa sukulu pokha-pokha mwana akalakwa. Apatsidwe mipando ya patsogolo. Cithunzi cikatha pasakhale mafunso owafunsa pamaso pa ana ao, kapena wina woimirira kuwafotokozera cimene ayenera kuphunzirapo. Nyale zicedwe pang'ono kuyatsidwa, kuti amene afuna kupukuta m'maso apukute. Pakhalenso anyamata awiri akulu osunga njinga panja, pakuti ambiri adzabwera nazo kucokera ku midzi ya kutali, ndipo adzabwerera usiku.